Gulu la Banja: Galimoto ya Amayi ndi Ababa

Malume (Joni): Mwaswera bwanji nonse. Ndalama za galimoto ya achemwali anga ndi alamu zatsala pang'ono kukwana. Tigwirizane sabata ino, dola siyikudikira munthu.

Chikondi: Taswera malume. Ine maganizo anga akadali pa Toyota Rush ija, ya petulo, injini 1.5. M'tauni siyimwa kwambiri, komanso ndi yaifupi, ababa sangavutike poyimika mu Old Town muja.

Yamikani: Achemwali, Jimny basi. Imene ija ndi mbuzi, imakwera paliponse 😂

Chikondi: Ya zitseko zitatu ija? Amayi ndi bondo lawo lija azikwawira kumbuyo? Iwe ukufuna yoti uzibwereka popita ku Senga Bay, tikukudziwa.

Azakhali: Ine funso langa ndi limodzi ana inu. Mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse, ikafika pakhomo ku Ntchisi? Pa maliro a agogo anu paja tonse tinatsika pa dambo, nsapato m'manja, anyamata akukankha.

Alamu a Chikondi: Azakhali, ikafika. Kuchoka pansi ndi pafupifupi masentimita 20, ndiye siyikhula mimba m'mizere ya ngolo ija. Ili ndi batani lomanga matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azikokera limodzi. Mumalidina m'matope mokha, mukafika pa tara n'kulichotsa, apo ayi muwononga zinthu.

Alamu a Chikondi: Koma tisamale pogula. Za ku Japan zilipo mitundu iwiri. Pepala likalembedwa J210E ndiye ya 4WD, J200E imakoka ndi akumbuyo okha. Zimaoneka chimodzimodzi pa chithunzi, ambiri amapusa pamenepo. Rush yatsopano ya mipando 7 ijanso si 4WD.

Malume (Joni): Nanga masipeya alamu? Sindikufuna kumatumiza zitsulo pa basi mwezi ndi mwezi.

Alamu a Chikondi: Musadandaule malume. Rush ndi Daihatsu Terios ndi galimoto imodzi, dzina lokha ndi limene lasiyana, ndiye amakaniko amaidziwa. Injini yake ili ndi tcheni, osati lamba woti tizisinthasintha. Chimene ine ndimaikondera ndi tayala la sipeya, lili kunja pa chitseko chakumbuyo. Likaphwa panjira simutsitsa katundu yense.

Yamikani: Nenaninso zoipa zake alamu, mwakhala ngati ndinu wogulitsa.

Alamu a Chikondi: 😂 Zilipo. Ya otomatiki magiya ndi 4 okha, ndiye pa M1 ukafika 100 injini imalira ngati chigayo. M'mabampu imadumpha. Ndipo ku Japan anasiya kuzipanga mu 2016, tisayembekezere ya dzulodzulo.

Azakhali: Chimanga chilowa matumba angati?

Chikondi: Awiri, mwina atatu mukapinda mipando. Si lole azakhali.

Azakhali: Ndiye bwanji osagula X-Trail ngati ya abusa athu? Mumalowa ndi mbuzi yomwe.

Chikondi: Imeneyo ndi 2.0. MRA imawerengera msonkho potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye pa Songwe tikalira. Komanso ababa ndi a penshoni, azithira mafuta ndani? Chimanga cha chaka chonse timachita hayala kamodzi basi, pomwe ku chipatala ndi ku tchalitchi ndi sabata iliyonse.

Azakhali: Apo mwanena. Koma muyike keriyala pamwamba, mbatata zanga zisamatsale.

Malume (Joni): Zatheka. Rush ya 4WD. Alamu, mutumize zithunzi za zitatu pofika Lachisanu, pamodzi ndi za pansi pake tione dzimbiri. Ikatsika ku Dar es Salaam akaitenga ndani pa Songwe?

Yamikani: Ine malume 🙋🏾‍♂️

Chikondi: Upita ndi alamu. Pa Chiweta chiwongolero agwire iwowo.

Azakhali: Ndipo wina asauze amayi anu. Gawo langa nditumiza pa Airtel Money ndikachoka ku Mvano.