Bambo amene anagwirirapo mwana aziloledwa kulowa mumpanda wa sukulu?

Mayi wa ku Mufakose walemba:

Abale anga a kuno ku Harare, ndithandizeni nzeru, ine mutu waima. Ndili ndi mtsikana wa giredi 4 pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Mufakose, dzina lake sinditchula. Lachinayi lapitali ndinatseka msanga malonda, ndinati lero ndikamutenge ndekha. Nditalowa pageti ndinaona bambo wina kuseri kwa zimbudzi za atsikana, wavala ovololo, akukonza paipi ya thanki ya madzi. Ana atatu anali atamuzungulira, mmodzi atamugwirira sipanala, onse akuseka. Ndinamuzindikira pomwepo. Amakhala mzere umodzi ndi ife, ndipo anakhala kundende zaka zingapo chifukwa chogona ndi mwana wa mlamu wake, wa zaka 11. Si mphekesera ayi, khoti linamupeza wolakwa, ena a ife tinaliko tsiku lachigamulo. Anatuluka chaka chatha.

Miyendo inandizizira. Ndinakoka mwana wanga padzanja mpaka analira, osadziwa chimene walakwa.

Mawa lake ndinakaonana ndi ahedi. Anandilandira bwino, koma anati za mlanduwo akuzimva kwa ine. Munthuyo anabwera naye ndi mmodzi wa komiti ya makolo, ija ya SDC, chifukwa anavomera madola 30 pamene ena amafuna 80. Anawonjezera kuti mwana wamwamuna wa bamboyo ali giredi 2 pompo, ndiye ndi kholo ngati ine, sangangomubweza pageti.

Mnyamatayo ndimamudziwa, amasewera ndi ana anga, alibe mlandu uliwonse. Koma usiku sindikugona. Kodi lamulo la Zimbabwe likuti chiyani pa munthu wotere? Ndipo ndikulakwa ine kufuna kuti asamapondenso mumpanda muja?

Agogo a ku Highfield ayankha:

Mwana wanga, mantha ako ndawamva, nanenso ndili ndi adzukulu. Koma ndilankhuleko mbali imene ambiri saifuna. Munthuyu boma linamulanga, wamaliza. Tikamutsekera zitseko zonse adya chiyani, nanga mwana wakeyo? Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tikudziwa kuwawa kwa kulozedwa chala. Ndakula ndikutchedwa mubhurandaya, dzina lonyozera ochokera ku Malawi, m'misewu ya Highfield muno, ngati dzina ndilibe. Kutchalitchi kwathu aliko wina amene anatuluka kundende ya Chikurubi kalekale, lero ndi munthu wosintha, ndipo anasintha chifukwa anthu sanamutaye. Pitani akuluakulu awiri atatu mukakhale naye pansi, mumve za mumtima mwake. Musayambe ndi kukuwa pa WhatsApp, anyamata akamva angakamugendere nyumba muli mkazi ndi ana.

Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa wayankha:

Agogo, ndi ulemu wonse, kukhululuka ndi kwina, kusungitsa mbuzi kwa fisi ndi kwinanso. Ntchito za mipope zili ponseponse mu Harare wosowa madziyu, akakonze m'nyumba za akuluakulu ndi m'mashopu. Pasukulu ayi.

Mayi, ndaphunzitsa zaka 16, ndikuuzeni mmene zinthu zilili. Kuno tilibe kaundula wa anthu olakwira ana amene ahedi angatsegule n'kuyang'ana dzina. Mabungwe a amayi ndi ana akhala akupempha kuti akhalepo. Chimene chilipo ndi kalata ya kupolisi, police clearance, imene amakutenga zidindo za zala n'kuona ngati unapezekapo wolakwa. Ine polowa ntchito ananditenga zidindozo. Koma taganizani anthu amene amalowa pageti pa tsiku limodzi: womanga mpanda, wotchetcha udzu, wobweretsa buledi, woyendetsa kombi imene makolo anachita hayala, mnyamata wodzipereka kuphunzitsa mpira. Pamene ndaphunzitsapo ine palibe anawafunsapo kalata. Mpata uli pamenepo.

Lamulo lenilenilo lalimba ndithu zaka zapitazi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2022 khoti loona za malamulo aakuluwo linagamula kuti n'kulakwa kusiya a zaka 16 ndi 17 opanda chitetezo, ndipo mu 2024 lamulo linasinthidwa, moti tsopano wamkulu kugona ndi wosakwana 18 ndi mlandu. Koma zimenezo ndi za kugwira ndi kulanga. Za pambuyo pa ndende zatsala m'manja mwa ife apasukulu.

Ahedi anu asadzichepetse mphamvu. Amene amalowa mumpanda ali m'manja mwawo, ndipo amene amalemba aganyu ndi SDC, ndalama zake ndi zanu makolo. Lembani kalata, musangolankhula pakamwa, imodzi kwa ahedi ina kwa wapampando wa SDC, inu musunge yanu. Pemphani kuti aliyense wopatsidwa ganyu azionetsa kalata ya kupolisi, osati iye yekha, ndipo ntchito za kuzimbudzi zizigwiridwa Loweruka ana kulibe. Za ukholo wake zili ndi njira. Mwana azimutengera pageti. Tsiku loonana ndi aphunzitsi abwere pa nthawi yopangana, alembe m'buku la mlonda, aperekezedwe kuofesi ndi kubwerera. Pa masewera ndi maulendo a sukulu, pamene ana amabalalika aphunzitsi maso ali kwina, asakhalepo. Akakana, nkhaniyo ipite kuofesi ya maphunziro ya chigawo chanu.

Achimwene a ku Johannesburg ayankha:

Ndinakulira ku Mbare, pano ndikuyendetsa galimoto yonyamula ana a sukulu. Kuno kaundula alipo, anabwera ndi lamulo la 2007. Dzina lako likalowamo suloledwa kugwira ntchito ndi ana, ndipo wolemba ntchito ayenera kufufuza asanakutenge. Si buku loti aliyense awerenge ngati ku America, kumene lamulo la Megan la 1996 linatsegulira anthu wamba mayinawo mtsikana wa zaka 7 ataphedwa ndi munthu woyandikana naye amene anali atalakwirapo ana kale. Koma musanyengedwe achemwali, kaundula alipo koma ana akuvulazidwabe. Mumalowa okhawo amene anagwidwa n'kugamulidwa.

Azakhali a ku Epworth ayankha:

Ndawerenga zonse, ndipo palibe wafunsa za mwana wa zaka 11 uja. Ali kuti lero? Agogo, inu mukudandaula kuti bamboyo adya chiyani. Mwana wa mchimwene wanga anachitidwa zomwezi ndi amalume ake enieni, m'nyumba, masana, mayi ake ali kuchigayo. Abale anasonkhana n'kunena kuti za m'banja sizipita kupolisi. Ndinamubereka ine ndekha kupita naye, ndipo mpaka lero ena sandipatsa moni pamaliro. Mtsikanayo tinamusamutsa sukulu kawiri, chifukwa akangoona mwamuna wovala chipewa chonga cha amalume akewo amasanza. Wolangidwa anamaliza zaka zake, iye sanamalize.

Mukukumbuka May 2023, akaidi oposa 4,000 atamasulidwa pa chikhululukiro cha pulezidenti? Pakati pawo panali ogwirira ana, ndipo anthu anadandaula kwambiri. Abwerera m'makomboni momwe muno, mzere umodzi ndi ana amene anawalakwira.

Mayi, chimene chandiopsa m'nkhani yanu ndi sipanala ija. Anthu otere sayamba ndi nkhanza, amayamba ndi kuseka, kutuma mwana, kumugulira maputi. Mufunseni wanu modekha, mukusenda mbatata kapena mukumuluka tsitsi, osati ngati wapolisi: amalume a mpope aja amakutumani chiyani, anakupatsanipo kanthu? Mukamva chokayikitsa imbani 116, ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi yaulere, kapena pitani kupolisi mufunse a Victim Friendly Unit, nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza. Ndipo aliyense wowerenga adziwe kuti mwana akagwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Mayi wa ku Mufakose walembanso:

Zikomo nonse. Azakhali, ndinamufunsa dzulo ndikumumasula tsitsi. Akuti bamboyo wabwera masiku anayi, ndipo mnzake wina anapatsidwa dola kuti akagule madzi ozizira, chenji asunge. Iye sanapatsidwe kanthu. Ndakauza mayi ake a mnzakeyo usiku womwewo.

Kalata ndalemba monga mwanenera aphunzitsi, makolo asanu asayina. Bambo a kunyumba poyamba amakana, ati tili naye m'bungwe limodzi la maliro, tidzayang'anana bwanji. Lero m'mawa anyamula okha kalatayo kukapereka kwa wapampando. Agogo, pa WhatsApp sindinaike, ndipo dzina la mwana wa bambo wa mpope uja silili m'kalatamo. Mkazi wake ndinakumana naye pamjigo, ndinamuuza maso ndi maso kuti ndine ndadandaula, asamve kwa ena. Sanayankhe, anangosenza chigubu chake n'kumapita.

Komiti ikumana Loweruka 9 koloko. Alipo wa kuno ku Mufakose amene anakhalapo mu SDC woti andiperekeze? Sindinalankhulepo pamsonkhano wotere.