Msana ndi miyendo zikuwasautsa bambo anga, indosidi sakugwiranso: titani?

NaPhiri wa ku Chamama

Moni nonse. Ndikufunsira bambo anga, ali ndi zaka 71, mlimi wa fodya kuyambira unyamata. Msana unawayamba kalekale, koma chaka chino ululu ukutsikira m'matako mpaka m'katumba, miyendo yonse iwiri. Akachoka pakhomo kupita kumjigo, mamita ngati 200, amakhala kaye pansi panjira, ululu n'kuzizira. Koma njinga amapalasa mpaka kutchalitchi osadandaula, ndiye ena ayamba kunong'ona zoti ndi ulesi. Usiku mapazi amatentha ngati aponda phulusa lamoto. Amamwa indosidi wa pagolosale m'mawa ndi madzulo, mphini anatemeranso. Tiwathandize bwanji, nanga mpaka ku Lilongwe?

Mwale wa pa Mtunthama

Mayi, za njingazo si ulesi, ndiye chizindikiro chenicheni cha vutolo. Kumunsi kwa msana kuli mafupa asanu, ndipo mkati mwake muli ngalande yodutsamo mitsempha yopita kumiyendo. Munthu akamakula, timinofu tofewa ta pakati pa mafupawo timaphwa, mafupa amamera timinga m'mbali, ngalande ija n'kuchepa. Akayenda ataongoka, mitsempha imafinyika; akawerama pang'ono, monga panjinga kapena pampando, ngalande imatseguka. Madokotala amati spinal stenosis. Palinso vuto lina lofanana nalo, la kutsekeka kwa njira za magazi m'miyendo, makamaka kwa osuta chingambwe. Kusiyana kwake n'koti limenelo limapweteka ngakhale panjinga, ndipo limaleka munthu akangoima chilili osakhala pansi.

Kutentha kwa mapazi musakuphatikize ndi msana msangamsanga. Kukakhala mapazi onse awiri, kuyambira kuzala kukwera ngati sokosi, kawirikawiri gwero lake ndi lina: shuga, kachasu wa zaka zambiri, mankhwala a TB a isoniazid akamwedwa opanda pyridoxine (vitamini B6), kapena ma ARV akale a stavudine omwe anasiya kuperekedwa cha mu 2013 koma anasiyira ena dzanzi. Akayezetse shuga m'mawa asanadye kanthu.

Izi zikaoneka musadikire kuti kuche: mkodzo kukanika kutuluka kapena kungotuluka wokha, chimbudzi kudzithawira, dzanzi pakati pa miyendo pomwe munthu amakhalira pachishalo cha njinga, phazi kuyamba kukokeka mpaka patapata kumavuka. Mitsempha ikafinyika chotero masiku angapo imatha kuonongekeratu osabwerera. Kuonda, thukuta la usiku, kapena fupa lotukuka pamsana ngati kalinunda, akayezedwe TB ya msana sabata yomweyo.

Nachisale

Ine ndigwire pa indosidiyo, chifukwa ndi amene angawagoneke m'chipatala msana usanatero. Indosidi, bulufeni ndi diclofenac ndi banja limodzi: amakanda m'mimba mpaka zilonda, amafooketsa impso, amakweza BP. Kwa munthu wa zaka 71, kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi n'kuputa ngozi, ndipo ululu wa mitsempha samaukhudza kwenikweni. Choipa kwambiri n'choti anthu amaphatikiza awiri poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Afunseni bambo ngati chimbudzi chinakhalapo chakuda ngati phula. Amenewo ndi magazi, ndipo kuchipatala akanene.

Panado ndiye wofatsa. Mapiritsi awiri a 500 mg, katatu patsiku, motalikirana maola osachepera sikisi. Ngati sikelo yawo sifika makilogalamu 50, kapena amamwa mowa, limodzi lokha nthawi iliyonse. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi panado mkati, muziwerengera pamodzi.

Wa kutentha kwa mapazi amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi amitriptyline, koma ngwolemberedwa, osati wopemphana ndi aneba. Piritsi lake limakhala la 25 mg. Okalamba amawayambitsa ndi theka, usiku, maola awiri asanagone. Sagwira ngati panado. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, ndipo ambiri amataya mtima tsiku lachitatu n'kumati ngwabodza. Amaumitsa kukhosi, amamanga m'mimba, amachititsa chizungulire podzuka. Kugwa kwa usiku popita kukataya madzi ndi kumene kumathyola chiuno, choncho azikhala kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi asanaime, tochi ili pafupi.

Gama wa ku Santhe

Zamankhwala anena bwino anzangawa. Ine za pakhomo.

Musawagoneke. Kugona masiku ambiri kumasungunula minofu ya m'ntchafu, ndipo munthu wa msinkhu umenewu akafooka miyendo kudzuka kwake n'kovuta. Ngati ululu umabwera pa mamita 200, azipuma pa 150, usanafike. Akhale mphindi ziwiri, apitirize. Katatu patsiku. Ikani chitsa kapena njerwa zingapo panjira ya kumjigo kuti pokhala pakhale podziwika. Njinga asaisiye, ndipo poyenda pansi aziikankha: imawaweramitsa pang'ono, imagwiranso ntchito ya ndodo, komanso palibe amene amaseka mdala wokankha njinga yake.

M'mawa asanadzuke, ali chagada, akokere maondo onse awiri kuchifuwa, awerenge mpaka 20, abweze, kasanu. Kenaka pampando wolimba, kuima ndi kukhala kakhumi osagwira ndi manja ngati angathe, m'mawa ndi madzulo. Lamulo lake ndi ili: msana kumva kukoka pang'ono palibe vuto, koma ululu ukamatsikira kumwendo kuposa poyamba, alekeze pomwepo. Zopinda msana cham'mbuyo, zomwe zimathandiza achinyamata ena, kwa iwo zimawonjezera moto.

Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda, mphindi 15 mpaka 20, pamsana pokha. Madziwo muyese inu ndi chigongono chanu. Mapazi a dzanzi musawathowe, ndipo mu June ndi July asamawayandikize kumoto: amapsa osamva, ndipo ngati pali shuga chilonda chake chimatha kudya phazi. Mphini nazonso zisafike kumapazi pa chifukwa chomwecho.

Ntchito musawalande yonse, angadwale maganizo, koma isinthidwe. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi belo la fodya ndi za anyamata. Iwo azitapa m'ndowa, theka lokha, ataigundika pamimba ponyamula, osapotoza chiuno. Kusoka ndi kusankha fodya azichita pabenchi, fodya ali pathandala lofika m'chiuno, osati pamphasa miyendo itatambasuka tsiku lonse. Ndipo chimene mabanja ambiri amaiwala: chimbudzi chokumba. Kunjuta ndi kudzukapo ndiye kovuta. Boolani mpando wakale pakati, muuike pabowo, muzike mtengo wolimba pambali wogwirira.

NaPhiri wa ku Chamama

Zikomo kwambiri nonse. Shuga sanayezetsepo. A Mwale, mkodzo umatuluka, koma amadzuka kanayi usiku ndipo akuti umachedwa kuyamba. Achimwene anga ali ku Joni akufuna kutumiza lamba wa msana, athandiza?

Mwale wa pa Mtunthama

Za mkodzozo mwachita bwino kutchula, ndipo mukazinene kuchipatala asanalembe amitriptyline. Kudzuka kanayi kungakhale shuga, koma kuchedwa kuyamba kumaloza ku prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo) yokula, ndipo mankhwala amenewa amatha kutsekeratu mkodzo mwa bambo wotere. Apemphe kuti prostate iyezedwe, popeza khansa yake imakonda kuthawira m'mafupa a msana. Abambo athu zoterezi sanena pamaso pa mwana wamkazi, ndiye polowa kwa adokotala awaperekeze mwamuna mnzawo, kapena muwalembere papepala.

Lamba ngwa ola limodzi kapena awiri pa ntchito, osati wogona naye. Akazolowera minofu ikhoza kulekerera. Ndalamayo bola ipite ku thiransipoti ndi nsapato zotseka zofewa mkati.

Ku Lilongwe musalumphire. Yambirani pachipatala chaching'ono, akulembereni m'buku kupita ku chipatala cha boma pa Kasungu, mukafunse wa za mafupa ndi wa mafizo. Ekisire imaonetsa mafupa okha, ndipo pafupifupi aliyense wa zaka 70 amaoneka wotha msana pachithunzi, musachite nacho mantha. Mitsempha imaoneka pa makina ena ojambula m'thupi otchedwa MRI, ndipo imeneyo ndi nkhani ya ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe ngati mwendo ukufooka kapena mtunda woyenda ukucheperachepera ngakhale achite zonsezi kwa miyezi itatu. Opaleshoni ikachitika imathandiza kwambiri ululu wa m'miyendo kuposa wa pamsana penipeni. Popita mutenge mapaketi a chilichonse chimene akumwa, ndi za m'mabotolo za pamsika zomwe.