Tchalitchi chatsopano: mawindo akuluakulu kapena ang'onoang'ono ngati a amishoni?

MlembiWaKomiti:
Abale ndithandizeni nzeru. Kumpingo kwathu cha ku Thondwe kuno tikumanga tchalitchi chatsopano, chakale chija chatichepera. Njerwa tinaotcha kale, ndalama za Pepala Sande zakwanira simenti ya fandeshoni, koma mukomiti ya zomanga tagawikana pa nkhani ya mawindo moti miting'i iliyonse ikumathera pomwepo. Achinyamata akufuna magalasi akuluakulu mbali zonse akuti muziwala, magetsi akathima tisamavutike kuwerenga nyimbo, pomwe akuluakulu ena akuti ayi nyumba ya Mulungu imafunika kamdima pang'ono ngati matchalitchi a amishoni, munthu ukalowa uzimva kuti walowa malo ena osati holo ya ukwati. Pali mkulu wa mpingo winanso akufuna chiwindo chachikulu kumbuyo kwa gome pomwe amaima abusa. Amene mumadziwa zomanga, olondola ndani apa?

MmisiriWaMatawale:
A mlembi, musanakangane za kukula kwa windo yambani mwakambirana kuti nyumbayo iyang'ana kuti, chifukwa mukathira fandeshoni nkhaniyo yatha simudzaitembenuzanso. Kuno ku Zomba tili kumwera kwa equator, cha pa madigiri 15, ndiye mu June ndi July nthawi yozizira ija dzuwa limadutsa chakumpoto komanso chotsika, pomwe kumayambiriro kwa November ndi kwa February limadutsa pamutu penipeni, masana mtengo wamagetsi umakhala ngati ulibe mthunzi. December limapendekera kumwera pang'ono chabe. Tanthauzo lake khoma la kumpoto ndi la kumwera ndi osavuta kuwateteza, mukangotulutsa denga bwinobwino ngati kakhonde dzuwa lotentha la October silimenya galasi, koma la June lomwe timalifuna lija limalowabe chapansi nkutenthetsa miyendo ya anthu. Khoma la kum'mawa ndi la kumadzulo ndiye ovuta, dzuwa limabwera chogona, denga silingalitchinge olo mulitulutse bwanji.

Ndiye makoma aataliwo ayang'ane kumpoto ndi kumwera, mawindo ambiri akhale kumeneko. Zabwino zake nzakuti izi zikugwirizananso ndi mwambo wakale wa matchalitchi woika guwa kum'mawa khomo kumadzulo.

Za chiwindo kumbuyo kwa abusa zija akaneni mwaulemu koma akaneni ndithu. Chikakhala kum'mawa mapemphero a 7 koloko anthu adzangoona chimthunzi chakuda chikugwedeza manja, nkhope ya abusa osaiona, maso kuwawa, azimayi akutsogolo kumatchinga kumaso ndi buku la nyimbo. Kuwala kwa pagome kuzichokera m'mbali kapena m'mwamba kuti kugwere pankhope ya wolalikira osati m'maso mwa omvera. Ine ndimakonda mzere wa timawindo tam'mwamba pansi pa denga, kuwala kumamenya siling'i yoyera nkutsika chofewa, komanso mukasiya tina totseguka mpweya wotentha umatulukira komweko. Malata owonekera aja omwe anthu akonda kuika pakati pa denga samalani nawo, amene wakhala pansi pake amapsa yekha anzake ali bwinobwino, ndipo otchipa aja pakapita zaka amasanduka achikasu nkuyamba kung'aluka pamisomali.

NdineWaChinamwali:
Ine ndine Msilamu koma nkhani yandikoka kkkk. Kwathu kumzikiti sitisankha koyang'ana, timayang'ana ku Makka, ndipo kuchokera ku Zomba kuno ndi kumpoto kupendekera kum'mawa pang'ono. Ndiye zomwe akunena a mmisiri ife timaziona chaka ndi chaka, khoma lakutsogolo kwa imamu ndi lomwe limalandira dzuwa la June, mukaikapo galasi lalikulu anthu oswali aziphethira maso swala yonse. Pa Juma Lachisanu dzuwa limakhala pamwamba ndiye mkati mumakhala kuwala kofatsa, koma swala ya Alasiri limalowera kumanzere kwathu, kumadzulo, limayala mizere pamkeka moti phazi lopanda nsapato limadziwa lokha kuti apa pafunda apa pazizira.

China choti mudziwe, ife dzuwa ndi wotchi. Subuhi ndi m'bandakucha lisanatuluke, Zuhuri likangopendeka kuchoka pakati, Alasiri timaonera kutalika kwa mthunzi, Magaribi likangolowa, ndipo mwezi wa Ramadan aliyense maso amakhala komweko kudikira kufuturu. Kuno dzuwa limafika pakati 12 koloko isanakwane, anthu ambiri sadziwa zimenezo. Komanso poti mumzikiti mulibe zithunzi kapena ziboliboli, chokongoletsa chachikulu ndi kuwala komweko pakhoma loyera. Ndiye a mlembi utoto wa mkati musauiwale pa bajeti, khoma la simenti losapaka limameza kuwala konse olo mawindo achuluke.

MayiWaMvano:
Ana anga, za kamdimazo ine ndiye ayi. Amene akufuna mdimawo ndi omwe nyimbo anaziloweza pamtima, nanga ife maso anayamba kuchita chifunga tiziwerenga bwanji Baibulo la zilembo zing'onozing'ono lija? Tsiku la chiperoni mitambo itaphimba phiri lonse, mutchalitchi cha timawindo tating'ono mumakhala ngati kwada kale chonsecho ndi 9 koloko m'mawa, magetsi atathima, wowerenga Mawu mpaka kuyatsa tochi ya foni. Ulemu wa nyumba ya Mulungu sumabwera ndi mdima, umabwera ndi anthu ake. Koma za kutentha ndikugwirizana ndi bambo a ku Matawale, October tavala yunifolomu ya Mvano, duku kumutu, malata akulira ndi dzuwa, theka la mpingo limagona ulaliki usanafike pakati. Chonde mawindo akhale otsegula, osati magalasi omata aja ongoonera kunja.

WaChancoChakaChachitatu:
Mayi mwanena zoona, koma ndiwaikire kumbuyo pang'ono akuluakulu aja. Chomwe amachimva mumatchalitchi akale chilipodi, kungoti si mdima weniweni ayi, ndi kusiyana. Ukachoka panja powala kwambiri maso amatenga kanthawi kuti azolowere, umayenda pang'onopang'ono, mawu amatsika okha, kenako umayamba kuona kuti malo amodzi akuwala kuposa ena ndipo maso amapita komweko. Amene munalowapo mu St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuno kuyambira 1888 mpaka 1891, mukudziwa zomwe ndikunena, kapena St Peter's ya pa Likoma yomwe anayamba kumanga mu 1903, kuja kuli magalasi amitundu. Komanso tisaganize kuti timawindo topapatiza tija tinali nkhani ya uzimu yokhayokha, khoma la njerwa ndi lomwe limanyamula denga ndiye sukanaliboola kwambiri, ndipo galasi linkachokera kunja kudzera pa Zambezi ndi Shire, silinali lotola.

Za windo kumbuyo kwa gome ndikutsutsanako pang'ono ndi a mmisiri, zimatheka koma mochenjera. Ku Japan, tawuni ya Ibaraki pafupi ndi Osaka, kuli katchalitchi komwe Tadao Ando anamaliza mu 1989, khoma la konkire lakutsogolo anangolicheka mpata wopapatiza wooneka ngati mtanda, ndiye mtandawo ndi dzuwa lenilenilo likulowa, palibe thabwa kapena chitsulo chopachika. Sakani zithunzi pa intaneti muone. Ku Istanbul nako, Hagia Sophia ya mu 537 yomwe inali tchalitchi nkudzakhala mzikiti, ili ndi mawindo 40 ozungulira m'munsi mwa denga lake lozungulira lija moti dengalo limaoneka ngati silinakhale pakhoma. Mfundo yake ndi yomwe ija ya timawindo tam'mwamba. Pantheon ya ku Rome yokha ndiye musatengere, ili ndi chibowo pakati padenga chopanda galasi, ndi mvula yathu ya ku Zomba kuno mungamapemphere ndi maambulera kkkk.

MmisiriWaMatawale:
Achimwene a ku Chanco, mtanda wocheka pakhomawo ndi njerwa zathu zootcha ukutheka, bola ukhale wopapatiza, ukhale pamwamba kupitirira mutu wa abusa ataima, ndipo mkono wopingasawo umafuna lintala yamphamvu chifukwa njerwa zapamwamba pake zikhala pa chiyani. Mabuloko a mabowo nawonso amagwira ntchito yomweyo motchipa, amalowetsa kuwala kwamawangamawanga ndi mpweya, kungoti ikani sefa apo ayi mileme ndi mbalame zikusamukirani. Ndipo achinyamata a magalasi mbali zonse aja muwafunse ngati awerengera mtengo wa mabagalabazi ndi makatani, chifukwa ndaonapo mipingo ikugula galasi lodula kenako chaka chomwecho nkusonkhanso ndalama ya makatani otchinga dzuwa lomwelo.

MlembiWaKomiti:
Zikomo kwambiri nonse, ndasindikiza zonsezi ndikawerenga pa miting'i Loweruka. Vuto latsala ndi limodzi, puloti yathu ndi yaitali motsatira msewu ndipo a tcheya akufuna khomo liyang'ane kumsewu kuti anthu odutsa aziona, zomwe zikutanthauza kuti khoma lalitali limodzi ligwera kumadzulo, mbali yomwe kwaya imakhala pa mapulakatisi a madzulo. A mmisiri, zikavuta kuwatembenuza a tcheya, kubzala mitengo mbali imeneyo kungathandize, ndipo italikire mamita angati kuti mizu isadzasokoneze fandeshoni?