Buku lalikulu la James Baldwin: tigule ndi ndalama za gulu kapena tisiye?

Naphiri wa ku Leeds: Moni nonse. Ndikubwera kumudzi Disembala uno ndipo m'chikwama mwatsala malo a buku limodzi lolemera. Dzulo nditaweruka kuntchito ndinadzera kogulitsa mabuku, ndipo ndinapeza buku lalikulu la James Baldwin, mlembi wakuda wa ku America, lija analisonkhanitsa mlembi mnzake Toni Morrison mu 1998 m'mabuku a Library of America. Muli nthano zazitali zitatu, Go Tell It on the Mountain, Giovanni's Room ndi Another Country, komanso nthano zazifupi za mu Going to Meet the Man. Masamba ake akuyandikira 1,000, mapepala opyapyala ngati a Baibulo, chikuto cholimba, ndi kachingwe kosungira tsamba. Ndalama yake ingagule timabuku tating'ono titatu kapena tinayi. Nditenge ndi ndalama za gulu lathu lowerenga mabuku? Mayi msungichuma, mawu ali kwa inu.

Nabanda wa ku Lilongwe: Zikomo achemwali. Ndalama m'thumba ilimo, koma si yanga ndekha, ndi ya tonse, ndiye ndilankhula zomwe zili kumtima. Ndafufuza pang'ono dzinali ndipo ndapeza kuti bamboyu amadziwika ndi nkhani zamathanyula. Mabuku athu amayenda nyumba ndi nyumba. Kwathu buku limagona pa tebulo pabalaza, ana amalitsegula, abusa akabwera amaliona. Ine sindingalilandire ndi mtendere.

aJere a ku Johannesburg: Mayi, ndikupemphani ndi ulemu, liwu limenelo tilisiye. Ndi liwu lomwe anthu amatukwanira nalo anzawo pamsewu. Tinene kuti anali mwamuna wokonda amuna anzake, basi, tonse timva. Nkhawa yanu ya ana ndaimva ndipo sindikuipeputsa.

Nabanda wa ku Lilongwe: Ndamva achimwene, sindinalinge kunyoza. Koma funso langa likadalipo.

aGondwe a ku Mzuzu: Ine vuto langa ndi lina. Kwacha yathu mukuidziwa mmene yagwera. Ndalama yomweyo tingagule mabuku anayi a alembi a mu Africa muno, aliyense n'kupeza chogwira. Buku limodzi pa anthu khumi ndi awiri lidzazungulira mpaka liti? Ndiponso nkhani za ku Harlem ndi ku Paris zikutikhudza bwanji ife a ku Chibavi?

Aphunzitsi aMbewe a ku Zomba: Ana anga, ndiloleni nditalikitse pang'ono, chifukwa munthuyu ndakhala naye zaka zambiri m'mabuku ake.

Mayi Nabanda, inu ndi amene mungamumve Baldwin msanga kuposa tonsefe, poti ndi mwana wa m'tchalitchi. Anabadwa pa 2 Ogasiti 1924 ku Harlem, mumzinda wa New York, woyamba pa ana asanu ndi anayi. Analeredwa ndi bambo omupeza, David Baldwin, mlaliki waukali amene umphawi ndi tsankho zinamuwawitsa mtima mpaka ana ake ankamuopa. Mnyamatayu anakula akulera azibale ake, dzanja limodzi mwana, lina buku. Ali ndi zaka 14 anatembenuka mtima mumpingo wa chipentekoste n'kuyamba kulalikira, ndipo anaima pa guwa zaka zitatu asanachoke. Go Tell It on the Mountain, lomwe linatuluka mu 1953, ndi moyo umenewo. John Grimes akukwanitsa zaka 14, bambo ake Gabriel amakonda mwana wina osati iye, ndipo usiku wa mapemphero amagwa pansi m'kachisi mpaka mbandakucha, azimayi atamuzungulira akuimba. Amene anagonapo ku mapemphero a usiku wonse adzaona ngati akuwerenga za kwawo. Mapemphero a Florence, a Gabriel ndi a Elizabeth ali pakati pa bukuli ndi ena mwa masamba abwino koposa omwe ndinawerengapo pa nkhani ya tchimo ndi kudzilungamitsa.

Za Paris, aGondwe, anapitako mu 1948 ali ndi zaka 24, m'thumba muli madola 40 okha. Sanapite kokayenda. Anathawa chifukwa anaona kuti tsankho la ku America limupha kapena limusandutsa wakupha. Ambiri a m'gulu lino muli kunja chifukwa kwanu kunakupanikizani mwanjira ina. Zimenezo sizikukukhudzani?

aGondwe a ku Mzuzu: Zikundikhudza aphunzitsi. Koma ndiye tigule loyambalo lokha, la mapemphero, laling'ono lotchipa. Mayi Nabanda asangalala, thumba nalo lipuma.

Naphiri wa ku Leeds: Ndinaganizapo zimenezo ndili m'sitolo momwemo. Koma ndinaona ngati ndikumudula munthu pakati, kutenga mbali yomwe sitichita nayo manyazi n'kusiya inayo pa shelefu.

aJere a ku Johannesburg: Ndipo ndi zomwe anamuchita ali moyo. Kampani ya Knopf, yomwe inasindikiza buku lake loyamba, inakana Giovanni's Room. Ankafuna kuti azilemba za anthu akuda a ku Harlem basi, ndipo ankati bukuli limuwonongera dzina. Iye sanagonje, anakalipereka kwina, Dial Press inalitulutsa mu 1956. Taganizani chaka chimenecho. Ku America nthawi imeneyo amuna otere ankamangidwa ndi kuchotsedwa ntchito, madokotala ankati ndi matenda a maganizo. Munthu wakuda, wosauka, amene wangoyamba kudziwika, n'kulemba poyera za chikondi cha amuna awiri, dzina lake lenileni lili pachikuto. Ndi chifukwa chake amamutcha wotsegula njira.

Nangondo wa ku Blantyre: Ine ndakhala chete koma bukuli ndinaliwerenga, mnzanga anandibwereka. Mayi Nabanda, ngati mukuopa zolaula, mu Giovanni's Room mulibe. Mafilimu omwe ana athu amaonera pa foni ndi oipa kutalitali. Chomwe chilimo ndi chisoni.

David, mnyamata wa ku America, ali ku Paris. Bwenzi lake Hella wapita ku Spain kukaganiza ngati avomere ukwati. David akumana ndi Giovanni, wa ku Italy, wogulitsa mowa mu bala ya Guillaume, ndipo akakhala naye m'kachipinda kamodzi kakang'ono. Kachipinda kameneko sindikaiwala. Mawindo anawapaka zoyera kuti odutsa asaone m'kati, katundu ali mbwee, ndipo Giovanni akugumula khoma ndi manja ake kuti akonze poika mabuku, kuti David aone kuti pano ndi pakhomo. David amangoona uve. Amamukonda munthuyo koma amanyansidwa ndi chikondi chake chomwe. Hella atabwera, David amuthawa Giovanni osatsanzika. Giovanni ntchito yamuthera, asokonekera, apha Guillaume, ndipo aweruzidwa kuti adulidwe mutu. Sindikuululirani mathero, chifukwa bukuli limayamba usiku womwewo woti mawa aphedwa, David ali yekha m'nyumba kumwera kwa France akuyang'ana chithunzithunzi chake pagalasi la windo.

Koma ine amene anandiliza ndi Hella. Ndili ndi msuweni wanga amene anakwatiwa ukwati woyera, tinavina, tinaponya ndalama pa perekaniperekani. Zaka zisanu ndi chimodzi ankadzifunsa kuti walakwa chiyani, bwanji mwamuna samuyang'ana. Anasintha kaphikidwe, anasintha kavalidwe, anapita kwa ankhoswe kawiri, anasala kudya. Choonadi chitadziwika anandiuza kuti, akanangondiuza poyamba ndikanalira mwezi umodzi, osati zaka zonsezi. Mwamunayo sanali chilombo, anali wamantha, ndipo abale ndi amene anamukankhira kuukwati kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Baldwin analemba za msuweni wanga asanabadwe. Mu nkhaniyi wolakwa si amene anakonda, ndi amene ananama chifukwa cha mantha, ndipo bodza lakelo linapweteka anthu awiri.

Nabanda wa ku Lilongwe: Pepani achemwali, nkhani ya msuweni wanuyo yandigwira. Zotere ndinazionapo kumpingo, mayi amangofota osanena chomwe chikumudya. Chikhulupiriro changa pa nkhaniyi sichinasinthe, ndinene poyera. Koma ndikuvomera kuti ndimaganiza kuti ndi buku lokopa anthu, osati lotere.

Aphunzitsi aMbewe a ku Zomba: Palibe akukupemphani kusintha chikhulupiriro, mayi. Gulu lino tinaliyambitsa kuti tiziwerenga ndi kutsutsana. Koma pali chilungamo china chomwe ndiyenera kunena, poti Nangondo wakamba za buku limodzi. Another Country, la mu 1962, lomwe analimalizira ku Istanbul, ndi lolemera kwambiri. Muli zachigololo zolembedwa mosabisa, amuna ndi akazi, akuda ndi azungu, muli kumenya mkazi, ndipo Rufus, woimba ng'oma za jazz, amadziponya kuchokera pa mlatho wa George Washington kumayambiriro komwe. Limenelo si la pa tebulo la pabalaza. Nthano yomaliza ya mu Going to Meet the Man, ya mzungu wapolisi amene akukumbukira tsiku lomwe makolo ake anamutengera kukaonerera munthu wakuda akuwotchedwa, inandisowetsa tulo. Tikagula buku lalikululi, zonsezi zili m'chikuto chimodzi. Ndiye nkhawa ya ana ndi yoona, tisaikane.

aGondwe a ku Mzuzu: Mwaona, aphunzitsi omwe akundithandiza. Timabuku tosiyana tili ndi ubwino wake. Aliyense amasankha chomwe angathe, ndipo anthu atatu amawerenga nthawi imodzi.

aJere a ku Johannesburg: Pamenepo aGondwe mwanena zomveka. Koma timabuku ta zikuto zofewa tija timatha msanga, taonani momwe linathera lija tinagula chaka chatha, masamba ali m'manja pofika kwa munthu wachisanu. Ili ndi losokedwa, lidzafika kwa adzukulu.

Ndiyankhenso zoti alembi a mu Africa. Baldwin sanali mlendo kwa iwo. Anakhala nawo pa msonkhano waukulu wa alembi akuda ku Paris mu 1956, komwe kunali alakatuli Senghor wa ku Senegal ndi Césaire wa ku Martinique, ndipo mu 1980 anakumana ndi Chinua Achebe ku Gainesville, ku Florida, awiriwo n'kukambirana pamaso pa anthu. Achebe ankamulemekeza kwambiri. Ngati mwini Things Fall Apart anamulandira ngati m'bale, ife tingamutche wakunja?

Chomwe chimandipweteka ine ndi momwe anzake omenyera ufulu anamuchitira. Mu 1963 anatulutsa The Fire Next Time, nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Time, anakhala pansi ndi Robert Kennedy, nduna ya zamalamulo ya America panthawiyo, kumuuza zowawa za anthu akuda. Koma pa chionetsero chachikulu cha ufulu wa anthu akuda ku Washington mu Ogasiti chaka chomwecho, pomwe Martin Luther King analankhula, iye sanapatsidwe mpata pa nsanja. Kenako Eldridge Cleaver, wakuda mnzake womenyera ufulu, anamunyoza m'buku chifukwa chokonda amuna. Azungu ankamuda chifukwa cha khungu, ena mwa akuda anzake ankamukankha chifukwa cha chikondi chake, a FBI, apolisi ofufuza a boma la America, akumulemba m'mafailo masamba oposa 1,800. Sanasiye kulankhula. Kaonereni mtsutso wake ndi William Buckley, mlembi wachizungu wa ku America, ku yunivesite ya Cambridge mu 1965, uli pa YouTube. Mudzamva mlaliki uja wa zaka 14 akadali m'mawu ake, ndipo ophunzira anamuvotera iye.

Nangondo wa ku Blantyre: Ndipo tisaiwale kuti kwathu kuno nkhaniyi si yakale. Tonse tikukumbukira 2010, anthu awiri ataweruzidwa zaka 14 ku Blantyre konkuno, mpaka pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Timaikamba pa wailesi mokalipirana, koma sitinakhalepo pansi kumva momwe munthu wotere amamvera m'kati. Buku limatipatsa mpata umenewo popanda kuloza chala mwana wa munthu.

Nabanda wa ku Lilongwe: Chabwino. Maganizo anga ndi awa. Sindiletsa, poti ndalama ndi ya gulu ndipo ambiri mukuoneka kuti mukufuna. Koma bukuli lizisungidwa kwa aphunzitsi, wolifuna azikatenga yekha, lisamayende pa mndandanda ngati enawa. Ine ndiwerenga la John Grimes lija. Zinazo ndiona ndikamaliza.

aGondwe a ku Mzuzu: Ine ndikadali pa mawu anga kuti mabuku anayi aposa limodzi. Koma ngati mugula, ulendo wotsatira ndalama ipite kwa alembi a kuno kwathu, tilembe zimenezo. Ndipo ku Zomba ndi kutali ndi Mzuzu, tigwirizane za basi yolitumizira.

Aphunzitsi aMbewe a ku Zomba: Ndilisunga, ndipo ndilikutira pulasitiki chifukwa cha chinyezi cha kuno. Naphiri mwana wanga, ukamagula uonetsetse kuti ndi la nthano, lolembedwa Early Novels and Stories, chifukwa Toni Morrison anasonkhanitsanso lina chaka chomwecho la nkhani zake zoona, ndipo amafanana maonekedwe. Morrison yemweyo ndi mmodzi mwa amene analankhula pa maliro ake ku New York, atamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 1 Disembala 1987 kunyumba kwake ku Saint-Paul-de-Vence. Ndinamva za imfa yake ndili mphunzitsi wachinyamata, kabuku kake kamodzi kokha kong'ambika kali m'kabati. Sindinaganize kuti ndidzagwira onse pamodzi.

Naphiri wa ku Leeds: Ndamva aphunzitsi. Ndawerenga manja: inu, aJere, Nangondo ndi ine tikuti tigule, mayi Nabanda alola ndi malire awo, aGondwe akana. Otsala asanu ndi mmodzi sanayankhe, ndiwadikira mpaka Lachisanu madzulo chifukwa Loweruka ndi tsiku lokhalo lomwe ndili ndi mpata wopita m'tauni. Mayi msungichuma, ndidzalipira ndi yanga, mudzandibwezera m'makwacha ndikafika. aGondwe, mchimwene wanga amapita ku Mzuzu mwezi ndi mwezi, za basi zisakudetseni nkhawa.