Ndathyoka fupa la paphewa pa njinga, Toyota 86 yangofika kumene: ndiyamba liti kuyendetsa?

Tembo wa ku Kalongwezi

Akuluakulu, ndipatseniko nzeru. Masabata 2 apitawa ndinagwa pa njinga yamasewera, tayala lakutsogolo litatereka pamchenga. X-ray yaonetsa kuti fupa lija limachoka pansi pa khosi kupita paphewa lathyoka pakati, mbali yakumanzere. Sanandichite opaleshoni, angondikoloweka mkono pansalu. Sabata yomweyo kunafika Toyota 86 ya 2014 imene ndinaitanitsa ku Japan, yamagiya apamanja. Ili phee pabwalo, ine n'kumangoiyang'ana pazenera. Ndingayambe liti kuiyendetsa? Nanga ndiisunge bwanji kuti isaonongeke podikira?

NaBanda

Pepani aTembo ndi ngoziyo. Kwa munthu wamkulu fupa limeneli limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane bwino, ndipo nsalu ija ambiri amakhala nayo masabata 3 kapena 4, ena mpaka 6. Koma musawerenge masiku okha, muganizirenso mbali imene mwathyoka. Galimoto zathu kuno chiwongolero chili kumanja, ndiye magiya ndi handibuleki zonse ndi ntchito ya mkono wamanzere, womwe wavulalawo. Chikhala kuti ndi otomatiki tikanakamba zina.

Musayendetse galimoto mkono uli m'nsalu, ngakhale kungofika pa Kapata pompa mu Chipata muno. Mbuzi ikadumphira pamsewu manja onse awiri amagwira chiwongolero mwadzidzidzi musanaganize n'komwe, ndipo kukoka kumeneko n'kokwanira kusuntha fupa limene layamba kumene kugwirana. Likasuntha nkhani imakathera ku opaleshoni ya chitsulo ndi masikuluwu. Komanso mutachita ngozi adokotala asanakuloleni, a inshuwalansi apeza pokanira.

Pakali pano chitani izi. Katatu kapena kanayi patsiku tulutsani mkono m'nsalu, muwongole chigongono, mupinde, mufumbate zala ndi kutambasula maulendo 10. Adokotala akavomera, weramani pang'ono mutagwira tebulo ndi dzanja lamanja, mkono wovulalawo muusiye ulendewere, uzizungulira pang'onopang'ono ngati mukutakasa phala lamadzimadzi. Musaukweze kupitirira phewa mpaka atakuuzani, ndipo musanyamule cholemera kuposa kapu ya tiyi. Usiku gonani chagada mutatsamira mapilo awiri kapena atatu. Kachotupa kolimba kakatuluka pamene panathyokapo musadandaule, ndi fupa latsopano. Koma zala zikachita dzanzi, dzanja likazizira, nsonga ya fupa ikamakankha khungu kapena mukamabanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Paracetamol ndi mapiritsi 2 a 500 mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku. Ngati anakupatsani tramadol kapena codeine dziwani kuti amagonetsa, sayenderana ndi chiwongolero. Fodya amachedwetsa kwambiri kugwirana kwa fupa. Kapenta idyani ndi minga yake yomwe, onjezani mazira, mkaka ndi ndiwo zotendera.

Tsiku loyamba kuyendetsa libwere nsalu itachoka, X-ray yachiwiri itaonetsa kuti fupa likugwirana, adokotala atanena kuti inde. Kwa ambiri ndi sabata ya 6 kupita m'tsogolo. Muyambe kudziyesa injini ili yozima: pondani kilachi, lowetsani magiya onse 6, kenako rivesi, imene pa 86 imafuna kukokera m'mwamba kamphete kali pansi pa mutu wa giya. Kokani handibuleki mpaka pamapeto. Pakangobaya penapake, tulukani mudikire sabata ina.

Tembo wa ku Kalongwezi

Zikomo amayi. Nanga mng'ono wanga atamayendetsa, ine n'kukhala pambali, pali vuto?

NaBanda

Lilipo. Mpando wa pambali uli kumanzere, lamba wake amadutsa paphewa lamanzere, ndendende pafupa lothyokalo. Mabuleki adzidzidzi amodzi okha mudzalira. Kupititsa lamba kunsi kwa khwapa n'koipa koposa, chifukwa pangozi amathyola nthiti. Malo anu abwino ndi kumbuyo kwa dalaivala, kumene lamba amadutsa paphewa lamanja, koma mipando yakumbuyo ya 86 munthu wamkulu wamkono umodzi sangalowemo mwamtendere. Popita kukaonana ndi adokotala kwerani galimoto wamba. Kumbukiraninso kuti mpando wa 86 uli pansi kwambiri, potuluka munthu amadzikankha ndi dzanja mosazindikira. Zolowerani kuyamba kutulutsa miyendo yonse iwiri, kenako muimirire ndi mphamvu ya m'ntchafu.

Makanika wa ku Down Shops

Za thupi amayi amaliza, ine ndinene za motoka. Masabata 6 kapena 8 ikuima si nthawi yaitali, koma pali tinthu timene timavutitsa.

Batire ndiye woyamba kufa, makamaka poti wayenda kale ulendo wa pasitima ndi kuima padoko. Anthu amakonda kuliza injini mphindi 5 m'mawa uliwonse poganiza kuti akutchaja. Moto umene sitata yadya poliza subwerera pa mphindi 5, ndipo injini yosatentha mokwanira imasiya madzi m'paipi ya utsi ndi mu oyilo. Sankhani chimodzi: munthu wodziwa magiya aziiyendetsa mphindi 30 kamodzi pasabata, kapena masulani waya wa negetivu ndi sipanala ya 10, muukulunge m'nsanza. Mukadzabwezera, injini imatha kulira mosakhazikika pang'ono poyamba, musachite mantha, kompyuta yake imakhala ikuphunziranso.

Handibuleki musaisiye yokoka nthawi yonseyo, makamaka m'dzinja, imagwira dzimbiri n'kukakamira. Iimikeni pamalo athyathyathya, giya 1, njerwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Mpweya wake ndi 240 kPa, kapena kuti 35 psi. Poimika onjezani pang'ono kuti matayala asaphwathalale pamene akhudza pansi, mudzaphungule poyamba ulendo. Ndipo ngati pafupi pali matumba a chimanga kapena nkhokwe, isuntheni. Makoswe akalowa m'boneti amadya mawaya, ndipo waya mmodzi wa sensa angatidyere masiku awiri kumufunafuna.

Nthawi yodikirayi igwiritseni ntchito. Oyilo amene yabwera naye simukudziwa zaka zake, sinthani pamodzi ndi fyuluta. Injini yake ndi FA20 ya Subaru, malita 2.0, imafuna 0W-20, malita 5 ndi theka pafupifupi, ndiye kachigubu kamodzi ka malita 5 sikakwana. Musalole munthu kuthiramo 20W-50 wa minibasi. Yang'ananinso matayala. Pambali pa tayala pali manambala 4 osonyeza nthawi imene linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, mwachitsanzo 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Akapitirira zaka 6 ine ndimati achoke ngakhale mapanga akuoneka bwino. Mukaona mawu oti studless, amenewo ndi matayala a chisanu cha ku Japan, pa phula la mu Okutobala amafewa ndipo mabuleki amatalika. Tsegulaninso buti, zambiri zimabwera zopanda sipeya, mumangokhala kabotolo komatira ndi kapampu. Petulo thirani wa pa filing'i sitesheni basi. Injiniyi ndi yakompuresheni yokwera, wa m'zigubu imamukana msanga.

Jere wa ku Mtenguleni

Amakanika, njerwa ndi makoswe ndavomera, koma zoti munthu wina aziiyendetsa sabata iliyonse ine ayi. Motoka yokankha ndi matayala akumbuyo, yamphamvu ya mahachi 200, m'manja mwa mnyamata wozolowera Vitz? Masulani batire, makiyi akhale m'thumba lanu aTembo.

Mukachira, dziwani kuti pansi pa motoka imeneyi ndi msewu pamangotsala masentimita 13. Mahampu a m'tauni ndi a ku Katete, Sinda, Petauke muziwakwera chopingasa, tayala limodzi liyambe linzake litsatire, pa giya 1, osaponda mabuleki muli pamwamba pa hampu chifukwa mphuno imagwa n'kukhula bampa. Mabuleki pondani musanafike. Matayala a 215/45R17 mphira wa m'mbali sukwana masentimita 10, pamene wa Corolla wa 195/65R15 umayandikira 13. Dzenje limene Corolla imangogwedezeka, inu mupinda rimu, ndipo kugunda kwake kumakwera m'chiwongolero mpaka paphewa lomwe likuchiralo.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, Lamulungu m'mawa, kulowera kumalire a Mwami n'kubwerera. Wachiwiri Katete, makilomita opitirira pang'ono 80. Zokhotakhota za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa n'zimene eni motoka zotere amazilota, koma zidikire mpaka mwezi wachitatu utatha, kumeneko chiwongolero sichipuma ndipo mathiraki amadya mbali yanu pamakona. Misewu yafumbi yakumidzi iiwaleni. Loweruka la mwambo wa Angoni wa Nc'wala mu Febuluwale musabwere nayo kwathu kuno, kilachi idzapsa pamzere wa magalimoto.

Pafupi ndi giya pali mabatani a VSC, chipangizo choletsa kutereka. Musawakhudze. Mvula yoyamba ya mu Novembala imayandamitsa mafuta ndi fumbi paphula, mukaponda moto pakona matako a motoka amathawa, ndipo kuwabweza kumafuna manja awiri achangu. Madzulo samalani njinga za makala ndi ngolo zopanda nyale, inu nomwe mukudziwa mmene wapanjinga amagwera.

NaBanda

Poti aJere atchula njinga: imeneyo ibwere pambuyo pa galimoto, osati patsogolo. Yopalasa m'nyumba mutakhala chowongoka, osatsamira pa mahandulo, mukhoza kuyamba msanga adokotala akalola. Ya pamsewu dikirani fupa litagwiranatu, nthawi zambiri cha m'ma sabata 12, chifukwa kugwa kachiwiri pafupa laliwisi kumathyola pomwepo. Chipewa choteteza mutu chimene munagwa nacho chitayeni ngakhale chikuoneka chabwinobwino, thovu lam'kati limaphwanyika kamodzi kokha. Foloko (chitsulo chogwira tayala lakutsogolo) ndi mahandulo akazione amakanika a njinga ngati zilibe mng'alu musanakwerenso.