Mphwanga akufuna kusiya ntchito kuti azingoimba jazz, ndimulangize chiyani?

Mkulu wa ku Zingwangwa:
Abale ndithandizeni nzeru. Mphwanga amagwira ntchito pa shopu ina ku Limbe. Malipiro ndi ochepa, komabe mwezi ukatha amabwera. Pano akuti akusiya, azingoimba gitala, ati jazz. Usiku wonse ali nalo m'chipinda, aneba atopa naye. Ine nyimbo zachizunguzi sindizimva, zilibe mawu, sudziwa n'poyambira kuvina pomwe. Kodi mu Blantyre muno alipo amene akudya nsima ndi jazz?

Wabass wa ku Ndirande:
Achimwene, ine ndaimba bass zaka zoposa 20, ndiye sindikubisirani. Jazz payokha kuno sidyetsa munthu. Ana anga akula ndi ndalama za maukwati a Loweruka komanso zophunzitsa ana a eni gitala mkati mwa sabata. Jazz tinkaimba Lamulungu masana pa hotela ina, anthu ali kalikiliki ndi nkhuku zawo, osaticheukira n'komwe. Tsiku lina tili mkati mwa nyimbo yomwe tinaiyeserera milungu itatu, bambo wina anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Mukamaliza kutchuna magitalawo mutiimbireko nyimbo." Madzulo ake mwini malo anati anthu anachepa, n'kutipatsa chips ndi ya minibasi basi. Amplifier ndinachita kusenza pamutu kuchokera pa siteji mpaka kunyumba.

Koma mwanayo musamunyoze. Erik Paliani anayambira kuno kumudzi mu Acacias Band, anapita ku Joni, mpaka anakaimba gitala m'gulu la Hugh Masekela, katswiri wa jazz wa ku South Africa uja, ndipo chimbale cha Masekela chotchedwa Phola anakonza ndi iyeyo. Taonani bwino: sanapite ndi zala zokha, anali ndi khutu la mu studio. Ndiye mphwanuyo aphunzire kuwerenga manotsi ndi kujambula nyimbo za anzake. Akamuitana kukaimba gospel kapena za pachinkhoswe asakane, walira mvula walira matope. Ntchito ya ku Limbeyo aigwiritsitse kaye mpaka foni yake itayamba kulira yokha.

Mayi a ku Chileka:
Apo mwati zachizungu apo ndakana, bambo. Kwathu kuno, m'mudzi wa Singano, kunali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Ankaimba kwela, gitala ndi chitoliro, ndipo nyimbo zawo zinakamveka mpaka ku Ulaya mothandizana ndi katswiri wa ku Austria uja, Gerhard Kubik. Daniel anatisiya mu 1987 koma ana amakono akubabe zala zake. Nanga malemu Wambali Mkandawire? Chimbale chake cha Zani Muwone cha 2002 chija ndi jazz, koma ya m'Chitumbuka, yonunkhira kunyanja kwawo ku Mlowe. Mumufunse mphwanuyo ngati anakhalapo pansi n'kumvera anthu amenewa. Ngati amangotsanzira za ku America pa YouTube, ndiye nanenso ndikudandaula.

Mnyamata wa pa kiyibodi:
Ngati ali ndi nyimbo zopeka yekha akazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, asanaziponye pa intaneti. Komanso asamanyamule gitala asanagwirizane mtengo ndi omuitanawo, ndipo iwowo apereke theka poyamba.

Mkulu wa ku Zingwangwa:
Zikomo nonse. Mayi, ndamufunsa za Kachamba, wangokanda m'mutu. A ku Ndirande, mungalole abwere kwanu Loweruka mumumvereko? Minibasi ndimulipirira ine, bola musamuuze kuti ndinadzamunena kuno.