Bambo anga asiya kumwa mankhwala chimwalirireni mayi, nditani?

Abale a pagulu pano, ndigaireni nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 76. Mayi anatisiya chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo bambo si omwe aja. BP ali nayo kuyambira kalekale, koma ankamwa okha mankhwala osakumbutsidwa. Pano mapilitsi ndimawapeza ali m'botolo momwemo. Ukafunsa amangoti, "Ndimwerenji? Anzanga onse anapita." Masana amagona, usiku n'kumangokhala pampando mumdima.

Ana tilipo anayi. Achimwene anga amaimba foni Lamlungu lililonse kuwauza kuti alimbe mtima, aziganiza zabwino. Bambo amangoti "chabwino" n'kudula. Kodi zoti chiyembekezo chimalimbitsa thupi n'zoona, kapena ndi mawu ongotonthozana? Nanga ndiwatenge azikhala kwanga, kapena ndiwasiye m'nyumba yomwe anaizolowera?

Yankho: Pepani achemwali. Zoona zilimo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America yemwe anayamba mu 1938 anatsatira amuna 724 kwa zaka zambirimbiri, ndipo anapeza kuti amene ankakhutira ndi ubale wawo ndi anthu ali ndi zaka 50 ndi amene anafika zaka 80 ali athanzi. Mu 2023 dokotala wamkulu wa boma la America, Vivek Murthy, anayerekeza kuopsa kwa kusungulumwa ndi kusuta ndudu mpaka 15 patsiku. Koma chiyembekezo sichibwera chifukwa mwana walamula pa foni. Munthu amachipeza akadziwa kuti mawa pali amene akumudikira.

Yankho: Ine ndikutsutsa pang'ono. Kusagona, kukana mankhwala ndi kunena zofuna kutsatira anzawo, zimenezo zitha kukhala matenda ovutika maganizo, osati chisoni chabe. Apititseni kuchipatala ndipo mukawauze adokotala mawu enieni amene bambo amanenawo. Kusiya mankhwala a BP n'kuitana sitiroko. Akawaunikenso makutu. Okalamba ambiri amasiya kucheza chifukwa sakumva bwino, ife n'kumati akwiya.

Yankho: Musawasamutse mothamanga! Ife tinawatenga mayi athu, tinkati tikuwachitira zabwino. Kwathu analibe chochita, ana kusukulu, ife kuntchito, iwo tsiku lonse pawindo. Kwawo kuja ankakhala okha, inde, koma oyandikana nawo ankawadziwa ndi dzina.

Yankho: Kodi bambowo ankagwira ntchito yanji?

Mwini funso: Ankakonza mawailesi ndi mawotchi. Zida zawo zilipobe, zachita fumbi.

Yankho: Ndiye apatseni chowonongeka, osati malangizo. Mdzukulu apite nacho, akhale pambali pawo azifunsa mafunso, ngakhale opusa. Ndipo achimwene anuwo asiye zoti "limbani mtima". Aziwafunsa za malemu mayi. Mwina aliyense akupewa kutchula dzina lawo poopa kuwaliza, pomwe bambo akufuna munthu wokamba naye za mkazi wawo.

Mwini funso: Apa mwandilasa. Chaka chonse m'nyumba muja palibe amene watchulapo mayi, ine ndemwe ndinachotsa chithunzi chawo pakhoma. Lachisanu ndiwaperekeza kuchipatala. Wailesi yakufa ndili nayo, mwana wanga wa zaka 9 wavomera kupita nayo Loweruka. Za chithunzicho, ndichibwezere ndekha kapena ndiyambe ndawafunsa?